OpenStack ya m'mapaketi a Debian: mmene yatigwirira ntchito kuno ku Tete

Amene mukufuna yankho lachidule la funso lakuti njira imeneyi ndi yoyenera kapena ayi, nali. OpenStack, gulu la mapulogalamu omangira mtambo wako wekha (maseva amene anthu ambiri amagawana kudzera pa netiweki), ikaikidwa kuchokera m'mapaketi a Debian, mtundu wina wa Linux, ndi yabwino, imagwira ntchito yeniyeni, ndipo ife sitinalipirepo ngakhale metikali imodzi ya layisensi. Komabe sindingauze aliyense kuti aithamangire. Ndalama imene simupereka ku kampani yogulitsa muyenera kuiika mwa anthu, ndipo anthuwo azikhala pafupi ndi makinawo. Ngati anthu otero mulibe, kapena muli naye mmodzi yekha, werengani mpaka kumunsi musanagule kanthu.

Ine ndimayang'anira makompyuta a bungwe lina lothandiza magulu a alimi ndi amalonda ang'onoang'ono. Chipinda cha maseva chili mumzinda wa Tete, koma anthu ambiri odalira makinawo ali kumtunda, ku Ulóngue, Dómuè, Tsangano ndi Furancungo, kumene kumachokera mbatata ya kachewere, nyemba, soya ndi fodya. Pamakinawo pali kaundula wa alimi, mabuku a ngongole za feteleza ndi mbewu, Nextcloud yosungiramo mafayilo, ndi Moodle ya maphunziro a alangizi. Gulu lililonse lili ndi zinsinsi zake, ndipo palibe gulu limene lingakondwe kuti anzawo a mbali ina aone mayina a amene sanabweze ngongole. Nkhani ya mtambo inayambira pamenepa. Tinkafuna kuti gulu lililonse likhale ndi malo akeake, lizidzipangira ma VM ake (makompyuta ongoyerekezera oyenda m'kati mwa seva) popanda kudikira ine, koma onse azigawana zitsulo zomwezo.

Mtambo wa makampani akuluakulu tinauganiziranso. AWS ili ndi malo ake ku Cape Town, Azure ili ku Johannesburg, ndipo zimagwira bwino. Vuto ndi malipiro. Mwezi uliwonse pamafunika madola kudzera pa khadi, ndipo amene wayesapo kupeza ndalama zakunja kubanki masiku ano akudziwa mmene zimavutira. Alimi athu amasonkha m'mametikali, ambiri kudzera pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo ndalama zawo zimabwera ndi nyengo yokolola. Ngongole ya madola ya mwezi ndi mwezi siigwirizana ndi moyo woterewu.

OpenStack si pulogalamu imodzi. Ndi mapulogalamu angapo olembedwa mu Python omwe amatumizirana mauthenga. Keystone imaona amene akulowa ndi zimene waloledwa kuchita. Glance imasunga zithunzi za madisiki zoyambira ma VM. Nova imayatsa ndi kuzimitsa ma VM, pogwiritsa ntchito KVM ndi libvirt. Neutron imamanga netiweki, Cinder imagawa madisiki, Placement imawerengera chuma chotsala pa seva iliyonse, ndipo Horizon ndi tsamba limene anthu amaliona pa burawuza. Pansi pa zonsezi pamakhala MariaDB yosunga database, RabbitMQ yonyamula mauthenga, ndi Memcached yosunga zinthu zakanthawi. Ntchitoyi inayambitsidwa ndi Rackspace ndi NASA mu Julaye 2010, ndipo mtundu woyamba, Austin, unatuluka mu Okutobala chaka chomwecho. Layisensi yake ndi Apache 2.0, kutanthauza kuti aliyense atha kuitenga, kuisintha ndi kuigwiritsa ntchito kwaulere. CERN, malo aakulu a kafukufuku pafupi ndi Geneva, amaigwiritsa ntchito pamakina ambirimbiri. Choncho funso la kukhwima kwake silinandivutepo. Chimene chinandivuta ndi njira yoitengera.

Njira zazikulu zilipo ziwiri. Makampani monga Red Hat, Canonical ndi Mirantis amatenga OpenStack yomweyi, amaiyesa, amaiphatikiza ndi zida zawo zoikira, kenako amagulitsa thandizo lolipira chaka ndi chaka. Njira ina ndi kutenga mapaketi okonzedwa ndi anthu a m'gulu la mapulogalamu otseguka n'kudziikira wekha. Zili ngati chigayo. Mutha kugula kwa wogulitsa amene abwera kudzamanga n'kumayankha chikavuta, bola muzimulipira chaka chilichonse, kapena mutha kutenga injini, malamba, mahamala ndi sefa n'kumanga nokha. Ufa wotuluka ndi womwewo. Kusiyana kuli pa amene akudziwa za m'kati mwake tsiku limene chasiya kulira.

Tinafunsa mitengo kwa kampani ina yogulitsa thandizo lotere, imene sinditchula dzina. Anatiyankha mwaulemu, ndipo pepala lawo linali lomveka bwino. Koma mtengo wa chaka chimodzi, wowerengedwa pa seva iliyonse komanso m'madola, unaposa ndalama zonse zimene tinagulira maseva athu 6 akaunjika ku Johannesburg. Anafunanso zitsulo zimene iwo anazivomereza, ndipo zathu zakalezi zina sizinali pa mndandanda. Thandizo lonse linali la pa intaneti. Munthu wobwera ku Tete kudzagwira chingwe ndi manja panalibe, pokhapokha titamulipirira ndege ndi malo ogona.

Pamsonkhano wa komiti, bambo wapampando, mlimi wachikulire wa ku Dómuè amene makompyuta sawakonda koma ndalama amaidziwa bwino, anandifunsa funso limene ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse pankhaniyi. "Achimwene, zaulerezi ndazimva. Nanga tsiku limene zidzafe, tidzaimbira ndani?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, mudzaimbira ine. Ndipo ndalama imene tikanatumiza kunja mundipatse ndigulire mabatire, makina oziziritsa chipinda, ndi kulemba wachinyamata mmodzi woti ndimuphunzitse, kuti tsiku limene ine ndadwala mudzaimbire iyeyo." Anakhala chete kwakanthawi, kenako anati zilembedwe m'mabuku a msonkhano kuti wachinyamatayo alembedwe ntchito makina asanayatsidwe. Anachita bwino kukakamira pamenepo.

Pakati pa mapaketi aulere, ndinayang'ana atatu. RDO ndi ya mbali ya Red Hat, imayenda pa CentOS Stream, ndipo Packstack yake imaika zonse pamakina amodzi mosavuta poyeserera. Chinandibweza m'mbuyo ndi mbiri ya CentOS. Mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti CentOS Linux 8 itha kumapeto kwa 2021 m'malo mwa 2029, ndipo ine ndinkafuna maziko amene tsogolo lake silidalira ganizo la kampani imodzi. Kolla-Ansible ndimailemekeza kwambiri. Imaika chilichonse m'makontena (timabokosi totsekeramo pulogalamu iliyonse payokha), ndipo kukweza mtundu kumayenda mwadongosolo. Ndikanakhala ku Maputo pa intaneti yamphamvu mwina ndikanasankha imeneyi. Koma imakoka magigabayiti ambiri a makontena, ndipo chikavuta umafufuza m'kati mwa Ansible (chida choikira mapulogalamu pa maseva ambiri), m'kati mwa kontena, kenako m'kati mwa OpenStack yeniyeniyo. Kwa munthu amene akuphunzitsa mnzake, zigawo zitatuzi ndi zochuluka. Ubuntu nayo ili ndi mapaketi aulere abwino, ndipo mtundu wa OpenStack wobwera ndi Ubuntu LTS umasamalidwa zaka 5. Amene mwazolowera Ubuntu musaope, njirayo ndi yoyenda.

Ndinasankha Debian chifukwa ilibe mwini wogulitsa. Yakhalapo kuyambira 1993, ndipo OpenStack ili m'nkhokwe yake yaikulu ngati pulogalamu ina iliyonse. Debian 11 inabwera ndi mtundu wa OpenStack wotchedwa Victoria, Debian 12 ya mu Juni 2023 inabwera ndi Zed, ndipo Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 yabwera ndi Epoxy. Ntchito yaikulu yokonza mapaketiwa imagwiridwa ndi Thomas Goirand, amene amagwira ntchito ku Infomaniak ku Switzerland, kampani imene mtambo wake wogulitsa kwa anthu umayenda pamapaketi omwewa. Mfundo imeneyi inandikhazika mtima pansi. Amene amakonza mapaketiwa amawagwiritsanso ntchito pamalonda enieni, ndiye cholakwika chikalowa amayamba kuchimva ndi iwo eni.

Tsopano zimene ndazikonda. Kuika kwake ndi apt, chida choikira mapaketi, yomwe ija imene aliyense wa Debian amaidziwa. Ukaika paketi la Keystone kapena Glance, debconf imakufunsa mafunso, dbconfig-common itha kukupangira database, ndipo paketilo litha kudzilembetsa lokha ku Keystone. Ukafuna kuchita zonse ndi manja ako umangokana mafunsowo. Mafayilo a makonzedwe ali pamalo amene umayembekezera, /etc/nova, /etc/neutron, ndipo malogi ali ku /var/log. Ntchito iliyonse imayatsidwa ndi systemd. Palibe chida chobisika chimene chimabwera usiku n'kufafaniza zimene walemba. Nova ikakana kupanga VM n'kulemba uthenga wake wotchuka uja wakuti "No valid host was found", umatsegula logi ya nova-scheduler, umaona sefa imene yakana maseva, umafunsa Placement kuti yatsala ndi chiyani, ndipo nthawi zambiri yankho limakhala pomwepo. Nthawi zina vuto limangokhala lakuti seva yatsopano siinalembetsedwe, ndipo lamulo la nova-manage cell_v2 discover_hosts limathetsa nkhaniyo.

Chinanso chimene anthu a kumayiko a intaneti yotchipa sangachione ngati chachikulu: mapaketi a Debian ndi opepuka, ndipo utha kuwasunga pafupi. Tinaika apt-cacher-ng pa kakompyuta kakang'ono. Seva yoyamba ikakoka paketi, zinazo zimatengera pomwepo osadyanso intaneti. Tsiku limene chingwe cha faiba chadulidwa penapake mumsewu, titha kumanganso seva yonse popanda kutuluka kunja. Tili ndi Starlink ngati njira yachiwiri, poti inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, koma ndimakonda kuti nyumba izidziimira payokha ngakhale zonse ziwiri zitathima.

Horizon ili ndi Chipwitikizi, cha ku Brazil, ndipo izi zathandiza kwambiri. Akalaliki a magulu athu anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, kunyumba amalankhula Chichewa, Chingerezi n'chochepa. Mlembi wa gulu la ku Tsangano amalowa yekha, amaona ma VM a gulu lake okha, amadziwa malire amene tinamuikira, ndipo amatha kuyatsanso makina ake osandiimbira. Ichi ndicho chinthu chimene tinkafuna pachiyambi pomwe, ndipo chinatheka.

Koma zovuta zilipo, ndipo ndizinena mosabisa.

Choyamba ndi Neutron. Apa ndi pamene munthu amatuluka thukuta. Mapaketi amakuikira pulogalamu, koma sakusankhira kamangidwe ka netiweki. Uyenera kudziwa wekha VLAN, VXLAN, milatho ya Open vSwitch (njira zogawira ndi kulumikizira netiweki), ndi njira imene uthenga umadutsa kuchoka mu VM mpaka kunja. Pali msampha wina umene umagwira anthu ambiri. VXLAN imadya mabayiti 50 pa paketi iliyonse ya netiweki, choncho pa netiweki wamba ya MTU (malire a kukula kwa paketi) 1500, VM iyenera kulandira 1450. Geneve ya OVN, njira ina yofanana ndi VXLAN, imadya 58, kutsala 1442. Nambalazi zikasemphana penapake, ping imayenda bwinobwino koma masamba amangozungulira osatseguka, ndipo munthu amayamba kuda kampani ya intaneti pomwe vuto lili m'nyumba. Malangizo akale ambiri amaphunzitsa Linux bridge chifukwa ndi yosavuta, koma kuyambira pa Zed njirayi inaikidwa m'gulu la zoyeserera, ndipo tsogolo lili ku Open vSwitch ndi OVN. Amene mukuyamba lero musamange pa Linux bridge. Pamenepa kampani yogulitsa imakupulumutsadi, chifukwa imakusankhira kamangidwe kamodzi koyesedwa. Ndikuvomereza.

Chachiwiri ndi magetsi, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi nkhani yathu ife a kuno. Damu la Cahora Bassa ku Songo, lotha kupanga mamegawati 2075, lili m'chigawo chathu chomwe chino, koma mphezi ndi mphepo za nthawi ya dzinja sizisankha, nthambo zimagwa ndipo magetsi amathima. OpenStack inapangidwa ndi anthu amene amaganiza kuti seva imodzi itha kufa, osati zonse nthawi imodzi. Maseva athu atatu oyang'anira ali ndi MariaDB ya Galera, imene imasunga database yofanana pa onse atatu. Onse atatu akazima pamodzi, Galera siidzuka yokha. Uyenera kutsegula fayilo ya grastate.dat pa seva iliyonse, kuona imene yalembedwa safe_to_bootstrap: 1, n'kuyambira pamenepo ndi galera_new_cluster. Ngati zinazima mwadzidzidzi, palibe imene imakhala ndi chizindikirocho, ndiye umayamba wafufuza ndi wsrep-recover kuti udziwe imene ili ndi zolembedwa zomaliza. Ukasankha yolakwika utha kutaya zimene zinalembedwa kumapeto. RabbitMQ nayo ili ndi mwambo wake. Seva imene inazima pomaliza ndi imene iyenera kuyamba kudzuka, ndipo zinazo zimaidikira kwa mphindi pafupifupi 5 kenako zimasiya. Ngati yomalizayo yawonongeka, pamafunika force_boot.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikufuna aliyense wa kuno akadziwe. Mu nova.conf muli mzere wa resume_guests_state_on_host_boot, ndipo mwachibadwa ndi wozimitsa. Kutanthauza kuti magetsi akabwera, seva idzuka bwinobwino koma ma VM onse akhala ali chigonere mpaka wina awayatse. Kumayiko kumene magetsi sathima, mzerewu sauganizira n'komwe. Kwa ife ndi umodzi mwa mizere yoyamba kusintha.

Mankhwala a zonsezi sanali pulogalamu yodula. Tinagula mabatire okwanira ndi jenereta, ndipo tinaika NUT, imene ilinso m'nkhokwe ya Debian, kuti batire likatsika maseva azizima mwaulemu komanso motsatana: ma VM poyamba, kenako maseva onyamula ma VM, Ceph (pulogalamu yosunga deta pa madisiki a maseva angapo) itauzidwa noout kuti isayambe kusamutsa deta pachabe, ndipo oyang'anira pomaliza, mmodzimmodzi. Dongosolo loyatsira tinalisindikiza papepala n'kulimata pachitseko cha kabati, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa. Ndimadzifunsa kuti injiniya wa kampani yogulitsa, ali kutali pa intaneti, akanatithandiza bwanji pa ola limene chipinda chonse chili mumdima ndipo rauta yomwe yazima. Thandizo lake limayamba pamene intaneti yabwerera, ndipo pofika nthawiyo gawo loopsa la ntchito limakhala litatha kale.

Kutentha nakonso sikufuna kontirakiti. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, ndipo madisiki akale sapirira. Makina oziziritsa tili nawo awiri osinthana. Fumbi timalipukuta pafupipafupi. Ceph imasunga kopi zitatu za chilichonse, choncho pa madisiki onse amene wagula umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo a komiti anadandaula atamva zimenezi. Koma disiki ikafa, ndipo kuno zimafa, palibe mlimi amene amadziwa kuti kwachitika kanthu. Tikungosintha n'kupitiriza. Amene mudzaike Ceph pansi pa Glance ndi Cinder, zithunzi za madisiki muzisunge mu raw osati qcow2, kuti VM yatsopano izibadwa m'masekondi ochepa m'malo mokopera fayilo yonse. Ndipo chrony, yofananitsa mawotchi, ikhale yoyamba kuikidwa, chifukwa mawotchi a maseva akasemphana pang'ono chabe Ceph imayamba kudandaula, ndipo akasemphana kwambiri matokeni a Keystone amakanidwa.

Chachitatu, chimene ndimachiona ngati chofooka chenicheni cha njira ya Debian, ndi kukweza mtundu. OpenStack imatulutsa mtundu watsopano miyezi 6 iliyonse, ndipo eni ake amausamalira pafupifupi miyezi 18. Debian imatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Zed inatuluka mu Okutobala 2022, choncho pamene Debian 12 inkafika, Zed inali itadya kale gawo lalikulu la moyo wake. Ndipo kuchoka pa Zed kupita pa Epoxy sungalumphe kamodzi. Pakati pali Antelope, Bobcat, Caracal ndi Dalmatian. Mwayi ndi wakuti kuyambira pa 2023.1 Antelope, OpenStack inayamba kulola kulumpha mtundu umodzi, kotero kuti ulendo wake ndi Zed, Antelope, Caracal, kenako Epoxy. Mitundu yapakatiyi siili m'nkhokwe yaikulu ya Debian. Imapezeka ku osbpo.debian.net, nkhokwe yapadera imene umaiwonjezera ndi extrepo. Imagwira bwino, ndipo ife tinadutsira momwemo. Koma dziwani kuti si nkhokwe yovomerezeka ya Debian ngati yaikulu ija, ndipo imadalira anthu ochepa kwambiri. Ichi chimandidetsa nkhawa. Munthu mmodzi kapena awiri akatopa, njira yonseyi itha kuchedwa. Makampani ogulitsa amasamalira mtundu umodzi kwa zaka zingapo ndipo amapereka zida zokwezera zoyesedwa. Pamfundo iyi, ndalama yawo ili ndi chifukwa.

Mmene timachitira ife ndi motere. Tili ndi kompyuta imodzi yamphamvu pang'ono imene timamangamo OpenStack yaing'ono ya ma VM okhaokha, yofanana ndi yeniyeniyo. Kukweza kulikonse kumayamba kumeneko, ndi kopi ya database yeniyeni. Zikadutsa, timasankha nthawi imene alimi sakugulitsa kapena kulandira feteleza, makamaka m'miyezi yozizira pamene makina sakuvutika ndi kutentha, n'kukweza yeniyeniyo Loweruka. Pali chida cha Debian chotchedwa OpenStack Cluster Installer chimene chimaika maseva ambiri ndi Puppet. Kwa maseva 6 ndinachiona chachikulu kuposa ntchito yathu, ndiye tinalemba Ansible yathu yaing'ono imene ine ndi wachinyamata uja timaimvetsa mzere uliwonse.

Za malangizo olembedwa, ndinena zoona, ndi osakwanira. Mabuku oikira a OpenStack amalankhula kwambiri za Ubuntu ndi za mbali ya Red Hat, ndipo wa Debian amayenera kumasulira yekha apa ndi apo, chifukwa mayina ena a mapaketi ndi osiyana ndipo Debian imayendetsa ma API ake ndi uwsgi. Pafupifupi zonse zili m'Chingerezi. Thandizo la anthu lilipo pa IRC ya OFTC (malo ochezera polemberana pa intaneti), ndipo poti nthawi ya Mozambique ndi ya ku Ulaya wapakati zimafanana kapena kusiyana ola limodzi, ukafunsa masana umapeza anthu ali maso. Amayankha bwino ukabwera ndi logi ndi funso lolunjika. Koma palibe amene ali ndi udindo wokuyankha. Tsiku lina yankho limabwera msanga, tsiku lina silibwera, ndipo sungakwiye chifukwa sunalipire.

Wachinyamata amene komiti inalemba ndi mtsikana wa ku Ulóngue amene anaphunzira za makompyuta kuno ku Tete. Anabwera akudziwa Linux pang'ono, netiweki ya m'buku. Chifukwa chakuti mapaketiwa sabisa kanthu, anaphunzira poika Keystone ndi manja ake, kenako Glance, kenako Nova, pa kompyuta yoyeserera ija, kuphwanya ndi kumanganso. Tsiku lina ndili ku Furancungo kukaona netiweki ya ofesi ya gulu, mphezi inagwetsa magetsi mumzinda ndipo jenereta inachedwa kulira. Anandiimbira atamaliza kale. "Achimwene, Galera inakana, seva yachiwiri ndi imene inali patsogolo, ndayambira pamenepo. Ma VM onse adzuka, mungoyesa kulowa kuchokera kumeneko." Ndinayesa pa foni, kaundula anatseguka. Luso limenelo lili ku Tete tsopano, ndipo silitha ntchito pa 31 Disembala ngati kontirakiti. Nkhawa yanga ndi yakuti makampani a migodi ku Moatize amalipira bwino kuposa ife, ndipo munthu wodziwa OpenStack ndi Ceph sasowa ntchito. N'chifukwa chake ndapempha komiti kuti tiyambe kuphunzitsa wachitatu, ndiponso kuti malipiro a mtsikanayu akwere.

Ndani ayenera kutsata njirayi? Ngati muli ndi magulu angapo amene ayenera kulekanitsidwa, aliyense ndi netiweki yake ndi malire ake, ndipo muli ndi anthu osachepera awiri okonda kuwerenga malogi, mapaketi a Debian ndi chisankho chabwino. Ndikuganiza za masukulu a ukachenjede, makampani ang'onoang'ono ogulitsa malo pa seva, ndi mabungwe onga lathuli. Ngati ndinu banki kapena kampani imene malamulo amaikakamiza kukhala ndi pepala la thandizo, kapena ola limodzi lozima limakutayitsani ndalama zoposa kontirakiti, lipirani kampani yogulitsa, ndipo musachite nazo manyazi. Koma ngati mukungofuna ma VM khumi a ofesi imodzi, OpenStack ya mtundu uliwonse ndi katundu wolemera pachabe. Ikani Proxmox VE, pulogalamu ina yoyendetsa ma VM, imene nayonso imayenda pa Debian. Tsiku limodzi mwamaliza, ndipo magetsi akathima n'kubwera siivuta kudzutsa ngati OpenStack. Anzanga angapo amene akuthawa mitengo ya VMware kuchokera pamene Broadcom inaigula mu Novembala 2023 andifunsa za OpenStack, ndipo ambiri ndawatumiza ku Proxmox.

Amene mwatsimikiza mtima, yambirani pa Debian 13 ndi Epoxy, osati pa Zed, kuti ulendo wautali wokweza uja usakupezeni msanga. Musanagule seva, tengani kompyuta imodzi yokhala ndi memori yokwanira, muikemo Keystone, Glance, Placement, Nova ndi Neutron ndi manja, mpaka VM imodzi ilandire adiresi yake, cloud-init ipeze kiyi yanu, ndipo mulowemo ndi SSH. Kenako zulani pulagi pakhoma zonse zili m'kati moyenda, mubwezeretse, muone ngati anthu anu atha kuzidzutsa popanda kuimbira wina. Ife ntchito imene yatsala chaka chino ndi ya bakapu. Pakali pano kopi zathu zonse zili mumzinda wa Tete, ndipo komiti yavomereza kuti tiike seva imodzi ya madisiki ku ofesi ya ku Ulóngue, kumene kuli kozizira, kuti usiku uliwonse kaundula ndi mabuku a ngongole azikopedwa kupita kumeneko.